KASHEMBE WA MAKINA: ZA KUSUNGA LAPUTOPU KU MALAMBO

Nkhani yolankhulidwa pa wailesi m'Cinyanja kwa anthu a ku migodi ndi a m'matauni.

 Lero ndifuna kuceza nanu za laputopu, ndiyo kompyuta yaing'ono yopindika ngati buku, imene ambiri a inu mwagulira kale ana anu, ndipo ena mulikusunga ndarama mwezi ndi mwezi kuti mugule. Makamaka ndirikulankhula ndi inu amene kwanu ndi ku Malambo, m'boma la Mambwe m'cigwa ca Luangwa, m'maiko a Mfumu Yaikuru Nsefu ndi mafumu Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro. Koma inu a kwina musatseke wailesi iai, pakuti matenda amene nditi ndinene sasankha mtundu wa munthu.

MPHATSO YOFUNA MBUSA

M'caka ca 1949 m'dziko lino munafika wailesi yaing'ono imene dzina lace linali Saucepan Special, cifukwa inali kuoneka ngati sefuliya. Mtengo wace unali mapaundi 5, batire padera. Agogo athu amene anali pa nchito ku migodi anagula wailesiyo natumiza kumudzi, ndipo nchito yao inathera pomwepo. Wailesi iri ndi khutu ndi pakamwa pokha. Imamva mau ocokera ku Lusaka niwanena, ndipo ngakhale mudzi wonse usonkhane kudzamvera, palibe mlendo angaisiyire matenda.

Laputopu siiri conco. Iyo imalandira ndi kupereka. Imameza ciri conse cimene munthu aipatsa, cabwino ndi coipa comwe, ndipo imasanzira mnzace zimene yameza. Cifukwa cace ndinena kuti kugula laputopu kufanana ndi kugula ng'ombe koposa kugula wailesi. Munthu wogula ng'ombe adziwa kuti wagulanso nchito ya khola, ya mbusa ndi ya dibi.

Palibe angakane kuti mwana wa lero afunika makinawa. M'caka ca 2014 Boma la Zambia linayamba kuphunzitsa phunziro la makompyuta m'sukulu za sekondale, ndipo m'November 2015 ana a Giredi 9 analemba mayeso ace oyamba. Ambiri mukumbukira zimene zinaoneka tsiku lija. M'sukulu zambiri makompyuta anali owerengeka, malaiti nao anali kuzimazima, kotero kuti ana ena anadikira mpaka usiku asanakhudze makina. Kholo limene linaona zimenezo, nkuganiza zogulira mwana wace laputopu yaceyace, linaganiza bwino ndithu. Cimene ndifuna ine ndi cakuti thukuta lanu la pansi pa mgodi lisapite pacabe.

KODI VAIRASI NCIANI?

Poyamba ticotse mantha. Vairasi ya kompyuta si kacirombo kamoyo, ndipo siingalowe m'thupi la mwana wanu. Iyo ndi pulogalamu, ndiko kunena kuti malangizo olembedwa ndi munthu ouza makina cocita. Mapulogalamu abwino amauza laputopu kulemba kalata, kuwerengera ndarama kapena kuonetsa cithunzi. Vairasi imauza laputopu kuti: "Undibise, undibereke, ndipo undipereke kwa ali yense wokhudzana nawe." Itatero iyamba nchito imene mwini wace anaitumira.

Nchitozo nzosiyanasiyana. Ina imabisa kapena kufafaniza zolemba zanu. Ina imakhala cete ngati kazitape, nilemba mau acinsinsi amene mumatsegulira Facebook kapena banki, nitumiza kwa mbala imene iri kutsidya kwa nyanja. Ina imakhoma mafaelo anu onse ndi loko wosatseguka, nisiya kalata yakuti mulipire dipo. Akatswiri amapatsa mtundu uli wonse dzina lacelace, koma ife madzulo ano tingoti zonsezo ndi mavairasi.

Tsono pali bodza limodzi limene lapha makina ambiri kumidzi. Anthu amati: "Laputopu ya mwana wanga siingadwale, cifukwa kumudzi sailumikiza ku intaneti." Imvani mbiri iyi. M'caka ca 1986 abale awiri a ku Lahore m'dziko la Pakistan, Basit ndi Amjad Farooq Alvi, analemba vairasi imene amati Brain. Masiku amenewo anthu wamba analibe intaneti, koma vairasiyo inafika mpaka ku America ndi ku Ulaya, pongoyenda m'madisiki amene anthu anali kubwerekana. Ndiponso m'caka ca 2010 kunadziwika vairasi ina, Stuxnet, imene inaononga makina a Boma la Iran pa malo a Natanz. Malowo anali ndi alonda, ndipo makompyuta ace sanali pa intaneti, koma akatswiri akhulupirira kuti vairasiyo inalowa m'kanthu kakang'ono kokwana m'thumba la malaya, kamene tonse tikadziwa. Kanthuko ndi fulashi.

PHUNZIRO LA KASHEMBE

Munthu wa ku Malambo safuna mphunzitsi kuti amve nkhani iyi, pakuti anabadwira m'dziko la kashembe. Cifukwa nciani makolo a Akunda sanawete ng'ombe zambiri monga anacitira Angoni ndi Acewa a kumtunda? Msipu unalipo, madzi analipo, koma kashembe analiponso. Ndipo dziwani kuti cigwa ca Luangwa cinaphunzitsa dziko lonse za matenda awa. Kacirombo ka kaodzera wa kuno kanadziwika kwa madokotala m'caka ca 1910, m'magazi a munthu amene anatenga matendawo m'cigwa comweci. M'caka ca 1912 madokotala awiri, Allan Kinghorn ndi Warrington Yorke, atagwira nchito m'cigwamo, anaonetsa poyera kuti kashembe wa m'chire la Luangwa ndiye amasenza kacirombo kameneka, kucokera ku nyama za m'thengo kupita kwa anthu.

Onani bwino apa. Kashembe mwini wace si matenda iai. Iye ndi wamtengatenga cabe. Aluma mbawala kapena njiri imene iri ndi kacirombo m'magazi, ngakhale ioneka yonenepa ndi yamphamvu, kenaka aluma ng'ombe, ndipo ng'ombeyo iyamba kuonda. Fulashi iri cimodzimodzi. Iyo iribe mlandu, koma ikalowa m'kompyuta yodwala imaturuka itasenza matenda, ndipo kompyuta yodwalayo kawirikawiri imaoneka yabwinobwino ngati mbawala ija.

Tiyerekeze conco. Mnyamata wa ku Masumba walemba pa laputopu yace kalata yofunsira nchito pa loji ina ya alendo ku Mfuwe. Kwao kulibe makina osindikizira, tsono aika kalatayo m'fulashi napita ku kasitolo kosindikiza makalata. Kompyuta ya m'kasitolomo yalandira kale mafulashi ambirimbiri tsiku lomwelo: ya wofuna nyimbo, ya wofuna mafilimu, ya kalaliki, ya mwana wa sukulu. Mnyamata abwera kunyumba ndi kalata yace m'manja, ndi vairasi m'thumba. M'mawa mwace aphunzitsi abwereka laputopuyo kuti alembe mamakisi a ana, nalowetsa fulashi yao. Mkuja mlembi wa kopaletivu ya alimi a thonje adza ndi yace, m'mene muli maina a mamembala ndi ndarama zao zonse. Pomatha sabata, matenda aja afika kusukulu, kukopaletivu ndi kumpingo, popanda munthu mmodzi wofuna coipa.

Vairasi yofala kwambiri m'mafulashi imacita cinyengo cotere. Imabisa mafoda anu enieni kuti asaoneke, ndipo m'malo mwao imaika zithunzithunzi zao, za maina omwewo, zokhala ndi kamubvi kakang'ono pangondya. Mukadiniza cimodzi poyesa kuti mulikutsegula zolemba zanu, ndiye kuti mwadzutsa vairasi ndi dzanja lanu lomwe. Mukaona timibvi totere pa mafoda a m'fulashi, imani, musadinize. Ndiponso musafulumire kufafaniza fulashi yonse ndi mtima wakuti zonse zatayika, pakuti nthawi zambiri zolembazo zimakhala ziri momwemo, zobisika cabe, ndipo munthu wodziwa angathe kuziturutsa atapha vairasiyo.

CIPATA PA MSEU

Kodi tsono mwana azikana kubwereka? Apa ndipo pali bvuto lenileni, abale anga, ndipo si bvuto la makina koma la cikhalidwe. Kwathu cinthu ca mmodzi ndi ca mudzi wonse. Mwana sanganene kwa amalume ace kapena kwa aphunzitsi ace kuti, "Cotsani fulashi yanu." Akatero adzamveka mwano, ndipo mbiri idzakufikani ku Kitwe kuti mwana wanu wayamba kunyada. Ine sindirikuphunzitsa umbombo iai. Laputopu imodzi yothandiza mudzi wonse ndi cinthu cokoma.

Koma akuruakuru akumbukira zipata za kashembe zimene Boma linaika m'miseu yoturuka m'maiko a kashembe. Boma silinatseke mseu, pakuti anthu ayenera kuyenda. Linangolamula kuti ali yense aime pa cipata. Mlonda anali kuzungulira galimoto ndi kaukonde kace, nayang'ana pansi ndi m'mbali, ndipo nthawi zina anali kupopera mankhwala. Galimoto ya wolemera ndi njinga ya wosauka zonse zinali kuima, ndipo palibe anati watukwanidwa, cifukwa lamulo linali la onse.

Laputopu nayo ikhale ndi cipata cace. M'laputopu iri yonse ya Windows 10 kapena Windows 11 muli kale mlonda waulere, dzina lace Microsoft Defender. Mwana akalowetsa fulashi asaitsegule msanga. Aloze dzina lace, adinize batani la kudzanja lamanja, nasankhe mau akuti Scan with Microsoft Defender. Pa Windows 11 mauwa amabisala pansi pa Show more options. Adikire mpaka mlonda atatha kuyang'ana. Zimenezi zitenga mphindi zowerengeka cabe, ndipo akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Ndipo inu makolo muthandizeni mwanayo pa nkhani ya ulemu. Pomtumizira laputopu, nenani poyera kwa abale onse kuti lamulo la kupima fulashi ndi lanu. Pamenepo mwana adzatha kunena mofatsa kuti, "Pepani amalume, atate analamula kuti fulashi iri yonse iyambe yapimidwa, ngakhale yanga yomwe." Mau otere sapweteka munthu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma mwana wonyamula mau a atate wace alibe cifukwa ca manyazi.

Pali nzeru zinanso ziwiri. Yoyamba: mugulireni mafulashi awiri a maonekedwe osiyana. Imodzi ikhale ya ulendo, yopita kosindikiza ndi kusukulu, ndipo m'menemo musamakhale kanthu kamene kalibe cinzace kwina. Inayo ikhale ya m'nyumba, yosalowa m'kompyuta ya munthu wina ali yense. Yaciwiri: kumene kuli netiweki, kalata yofuna kusindikiza angathe kuitumiza kwa wosindikizayo pa WhatsApp kapena pa imelo, fulashi nkutsala kunyumba. Kashembe amene sanapite kuthengo sabwera ndi matenda.

MAKOMO ENA ATATU

Fulashi ndilo khomo lalikuru kumudzi, koma alipo ena atatu amene muyenera kuwadziwa.

Loyamba ndi mapulogalamu akuba. Mukagula laputopu ya salaula m'tauni, wogulitsa wina adzakuuzani mokondwa kuti waikamo zonse mwaulere: Microsoft Office, masewero, ndi zina zotere zimene mtengo wace weniweni ndi waukuru. Funsani kuti wazitenga kuti. Mapulogalamu othyoledwa maloko kawirikawiri amadza ndi vairasi m'mimba mwao, ndipo cizindikiro cace ndi ici: pofuna kuwaika amakuuzani kuti muyambe mwazima antivirus. Kodi ndi mlendo wotani amene amati, "Yambani mwamanga garu wanu ndi kugoneka mlonda, ndipo ndilowe"? Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Alipo mapulogalamu aulere enieni, amene eni ace anawapereka kwa anthu onse ndi mtima umodzi. LibreOffice imalemba makalata ndi kuwerengera ndarama, VLC imaonetsa mafilimu ndi kuliza nyimbo. Atengeni pa malo a eni ace a pa intaneti, osati kwa mnzanu wa pa msika.

Laciwiri ndi makalata onyenga. M'May 2000 kalata ina inacokera ku Manila m'dziko la Philippines, mutu wace ILOVEYOU, ndiko kuti ndikukonda. Anthu mamiliyoni ambiri m'maiko onse anaitsegula, pakuti ndani safuna kudziwa womkonda? M'kati munali vairasi imene inaononga mafaelo, nidzitumiza yokha kwa abwenzi onse a munthuyo. Lero nyambo yasintha koma mbedza ndi yomweyo. Kalata imati mwapambana mphoto, kapena mwapeza nchito imene simunafunsire, kapena banki itseka akaunti yanu mukapanda kudiniza apa lero lomwe. Phunzitsani mwana kuti kalata yomfulumiza kapena yomlonjeza za ulere aiyese mdani. Mphunzitseninso kuyang'ana mcira wa dzina la faelo, pakuti Windows ingathe kuuzidwa kuti izionetsa micirayo. Nyimbo imatha ndi .mp3, cithunzi ndi .jpg, kalata ndi .pdf kapena .docx. Koma cinthu codzicha nyimbo kapena cithunzi, mcira wace nkukhala .exe kapena .vbs, cimeneco ndi fisi wobvala cikopa ca mbuzi.

Lacitatu ndi mpanda wosakonzedwa. Windows ndi nyumba yaikuru, ndipo nthawi ndi nthawi mumapezeka ming'alu. Kampani ya Microsoft ikaona mng'alu imatumiza cigamba pa intaneti, cimene amati update. Pa 12 May 2017 vairasi ya dipo, dzina lace WannaCry, inagwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko 150. Ku England zipatala zinabweza odwala zikwi zambiri cifukwa makompyuta ao anakhomedwa. Comvetsa cisoni ndi cakuti cigamba cotseka mng'alu umenewo cinali citaturuka kale m'March caka comweco, miyezi iwiri vairasi isanafike. Amene anamata cigambaco anapulumuka, amene anazengereza analira.

Mlonda uja Microsoft Defender nayenso afuna update, pakuti amazindikira mavairasi ambiri ndi mndandanda umene amalandira pa intaneti, ndipo mavairasi atsopano amabadwa tsiku liri lonse. Mlonda wa mndandanda wa caka catha adzalonjera mbala ya caka cino ndi manja awiri. Cifukwa cace, potumiza ndarama ya sopo ndi mcere, onjezani pang'ono ya mabando, ndipo nenani kuti imeneyo ndi ya laputopu. Kamodzi pa sabata mwana apite pamene netiweki igwira bwino, alumikize laputopu ku foni, nailole kumwa mankhwala ace. Imeneyo ndiyo dibi ya ng'ombe yanu. Koma musaike ma antivirus awiri kapena atatu poganiza kuti alonda akacuruka mpanda ulimba. Iwo amalimbana okhaokha nalemetsa makina. Mapanga awiri abvumbwitsa.

MUSANALIPIRE, FUNSANI

Inu amene simunagule, imvani ici. Microsoft siisamala Windows yakale mpaka muyaya. Inaleka kutumiza zigamba za Windows 7 pa 14 January 2020. Za Windows 10 inaleka pa 14 October 2025, kupatula kwa okhawo amene analembetsa kuti alandire zigamba za nthawi yoonjezera. Tsono laputopu yochipa ya salaula ingathe kukhala nyumba imene mmisiri wace anaisiya. Musanaturutse ndarama, funsani ngati makinawo ali ndi Windows 11 kapena angathe kuilandira, pakuti makina akale ambiri sangathe. Safunsa anadya phula.

Ngati muli nayo kale yakale, musaitaye. Pali njira ina, ndiyo kucotsamo Windows ndi kuikamo Ubuntu, imene ndi yaulere ndipo imalandira zigamba zace. Inayambidwa m'caka ca 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lace litanthauza comwe ife timati umunthu. Mavairasi a m'mafulashi olembedwera Windows sagwira nchito m'menemo. Koma yambani mwafunsa aphunzitsi a mwanayo ngati maphunziro ace salira pulogalamu ya Windows yokha.

Cinanso mucite laputopu isanakwere basi ya ku Chipata. Pemphani munthu wodziwa atsegule makomo awiri olowera. Lina likhale la mwini, lokhala ndi mphamvu ya kuika mapulogalamu, ndipo mau ace acinsinsi adziwe mwana yekha ndi inu. Linalo likhale la alendo, lopanda mphamvu imeneyo. Wobwereka ali yense alowere khomo la alendo. Motero angathe kulemba ndi kuwerenga monga afuna, koma sangathe kuika pulogalamu yosintha makina onse popanda cilolezo ca mwini.

MBEU M'NKHOKWE ZIWIRI

Tsopano ndifika pa mau amene ndiwayesa akuru koposa onse. Ngakhale mucite zonse ndanenazi, tsiku lina vairasi ingathe kulowabe. Pa 9 May 2022 gulu la mbala za pa intaneti, dzina lace Hive, linalowa m'makompyuta ena a Bank of Zambia, banki yaikuru ya dziko lino, ndipo linafuna dipo. Bankiyo inakana kulipira, ndipo patapita masiku owerengeka inalengeza kuti nchito zace zabwerera m'malo. Ngati mbala zinafika pa khomo la nyumba yosunga cuma ca dziko, imene iri ndi akatswiri olembedwa nchito ya kulonda usana ndi usiku, kodi laputopu ya mwana wa ku Msoro ndiyo ingati siidzadwala konse?

Tsono funso lenileni si lakuti kodi idzadwala, koma lakuti ikadwala tidzataya ciani. Makina angakonzedwe. Wokonza angafafanize zonse naikamo Windows yatsopano tsiku limodzi. Koma zolemba za mwana za zaka zitatu, buku la ndarama za kopaletivu, zithunzi za agogo amene anatisiya, zimenezo palibe sitolo yozigulitsa ku Cairo Road kapena ku Chisokone. Madzi akatayika saoleka.

Mlimi wa ku Malambo adziwa kuti njobvu ingathe kupasula nkhokwe usiku umodzi, ndi kuti madzi a Luangwa ndi a Lupande akasefukira safunsa mwini munda. Cifukwa cace wanzeru saika mbeu yace yonse pamalo amodzi. Citani comweco ndi zolemba. Ciri conse ca mtengo cikhale pawiri, kapena patatu. Coyamba m'laputopu. Caciwiri m'fulashi ya m'nyumba ija, ndipo mwana akatha kukopera aizule naisunge m'sutukesi, pakuti vairasi ya dipo imakhomanso ciri conse cimene yacipeza columikizidwa. Cacitatu pa intaneti: munthu wokhala ndi akaunti ya Google amapatsidwa malo aulere a 15 GB, okwana makalata zikwi zambiri. Asankhe tsiku limodzi pa sabata, monga Loweruka, likhale tsiku la kukopera, ndipo lisalumphidwe.

SI MATENDA ONSE ALI VAIRASI

Ndisanatsirize, ndicenjeze za cinthu cimodzi, kuti mungataye ndarama kwa okonza pacabe. Laputopu ikayamba kucedwa kapena kuzima yokha, anthu amathamangira kunena kuti ndi vairasi. Koma ku Malambo m'mwezi wa October kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo pfumbi liri ponseponse. Makina akatenthedwa amacepetsa okha liwiro lao, ndipo akapsa mtima amazima. Mwana asaike laputopu pa matiresi kapena pa bulangete, pakuti zimenezo zimatseka timabowo topumira. Aiike pa tebulo, pamthunzi, ndipo akatha nchito aisunge m'cikwama cace. Malaiti akazima, monga anazimira maola ambiri pa tsiku m'cirala ca 2024 pamene madzi anacepa ku Kariba, azule caja kukhoma, cifukwa pobwera malaiti nthawi zina amadza ndi mphamvu yoposa muyeso. Acite comweco mvula ya mphezi ikayandikira.

Zizindikiro zoloza ku vairasi ndi izi: mafoda asanduka timibvi tija, mazenera a malonda atseguka okha, antivirus yazima ndipo ikana kuyaka, mabando atha msanga popanda cifukwa, abwenzi alandira makalata amene mwana sanalembe. Zikaoneka izi, acotse laputopu pa intaneti, asalowetsemo fulashi ya munthu ali yense, ndipo auze onse amene anabwerekapo kuti apime mafulashi ao. Kubisa matenda opatsirana ndi kupha mudzi. Alamule Microsoft Defender kuyang'ana makina onse, ndipo mau acinsinsi a imelo, a Facebook ndi a banki awasinthe pa foni kapena pa kompyuta ina yabwino, osati pa yodwalayo. Zikakanika apite nayo kwa wokonza wodziwika, ndipo amuuze kuti asafafanize kanthu asanapulumutse zolemba. Akaona kalata yofuna dipo, musatumize ndarama, pakuti palibe cikole cakuti mbala idzabweza kiyi. Kanene ku polisi kapena ku ZICTA, ndilo bungwe la Boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti.

MAU OTSIRIZA

Abale anga, kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita oposa 500, ndipo kucokera apo kutsikira ku Mfuwe ndi enanso oposa 100. Simungathe kukhala pambali pa mwana wanu tsiku liri lonse. Cifukwa cace musatumize makina okha. M'cikwama comweco muikemo mafulashi awiri, ndi pepala lolembedwa ndi dzanja lanu, la malamulo anai awa:

1. Fulashi iri yonse iime pa cipata, ipimidwe isanatsegulidwe.

2. Kamodzi pa sabata laputopu ilandire update.

3. Pulogalamu yakuba ndi kalata ya mphoto zisatsegulidwe.

4. Colembedwa ciri conse ca mtengo cikhale pawiri.

Ndipo mukamuimbira foni mwanayo, mutafunsa za moyo wa amai ace ndi za kumunda, funsaninso kuti, "Kodi Loweruka lapitali unakopera?" Funso limenelo silidya ndarama, koma lingathe kupulumutsa nchito ya zaka.

Amene muli ndi mafunso pa nkhaniyi tilembereni makalata, ndipo tidzayesa kuyankha m'nkhani zathu za m'tsogolo. Inu amene mulikupita ku shifiti ya usiku, muyende bwino ndi kuturuka bwino. Enanu nonse, tsalani bwino, gonani bwino.